Kamlambe ka ku Mukuni

Chaka chimene mvula inakana, cha 1992, ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, mwana mmodzi wamkazi woyamba kumene kuyankhula, ndi zitini zodzaza kuseri konse kwa nyumba ya amayi anga ku Maramba, mu Livingstone. Ndinkagulitsa mbande za maluwa m'mbali mwa msewu wa Mosi-oa-Tunya, pansi pa mtengo wa mango umene unayandikana ndi sitolo ina ya nsalu. Ntchitoyo ndinatengera kwa malemu bambo anga, amene anachoka ku Malawi ali mnyamata nakalambira m'mayadi a ku Highlands akusamalira maluwa a eni. Sanatisiyire ng'ombe kapena munda. Anandisiyira mpeni wawo wopindika, ndi diso lodziwa pamene nthambi ya rozi iyenera kudulidwa kuti ikagwire mizu.

Mwamuna wanga anali atapita ku Botswana kukafuna ntchito, fakitale imene ankagwirako itachepetsa anthu. Ndiye ndinabwerera kwa amayi, mwana kumbuyo, n'kuyamba kutola zitini za mafuta ophikira, za mkaka wa ana, ngakhale za penti. Ndinkaziboola pansi ndi msomali, kuthiramo dothi lakuda losakaniza ndi manyowa a nkhuku, n'kubzalamo. M'mawa uliwonse ndinkakweza zokongola kwambiri pa wilibala n'kukankha mpaka m'tauni.

Mitambo inabwera mu Disembala, inasuzumira pansi, n'kupitirira. Pofika Febuluwale chimanga cha m'mayadi chinali chitapinda masamba ngati anyezi. Ife obadwira mu Livingstone tinazolowera kuti mvula ikatha, ukayang'ana chakummwera m'mawa, umaona utsi wa mathithi utaima kumwamba ngati munthu wamtali wovala zoyera. Chaka chimenecho munthuyo anafupika, anaonda, ndipo masiku ena sankabwera n'komwe. Mipopi inkatulutsa madzi m'mamawa mokha, nthawi zina kungotsokomola n'kuleka.

"Sankha," anatero amayi tsiku lina, ataimika ndowa pakati pa ine ndi zitini zanga. "Asambe mwana kapena amwe marozi?"

Ndinayesa madzi otsukira mbale, koma sopo anawotcha masamba. Marozi ndi amene anayamba kufa, kenaka zinatsatira zinazo, chitini ndi chitini. Komabe ndinkapita kumsewu ndi zochepa zotsalazo, mwina chifukwa sindinkadziwa kwina kopita. Palibe ankagula. Ndani akanagula pakamwa pena pofuna madzi? Ndinkangokhala pa muzu wa mango uja, n'kumaona phula likunyezimira patali ngati thamanda, magalimoto akulowa m'thamandamo n'kutuluka osanyowa.

Pafupi nane pankakhala mayi wina wa ku Mukuni, mudzi wa kunja kwa tauni, wondiposa zaka zingapo, amene ankagulitsa mikanda ndi timvuu tosema pamtengo. Tinkagawana mthunzi ndi chakudya cha masana. Tsiku lina mu Julaye anandipeza ndikukhuthula dothi la m'chitini cha rozi womaliza, misozi ikulengeza.

"Iwe, ulila maluwa monga kwafa munthu," anatero. "Kwathu kuli maluwa yamene siyafuna manzi."

"Usandiseke."

"Ni zoona, mwandi. Yaphuka manje, mu chilala muno. Tiye ukaone na menso yako."

Tinapita Lolemba, pa kavani kena kotsegula kumbuyo, fumbi likutilowa mpaka m'mano. Titatsika tinalowa kaye pakhomo pa azakhali ake, popeza malo amene tinkapitawo anali kuseri kwa munda wawo. Azakhaliwo anali aafupi, osalankhula zambiri, ndipo Chinyanja sankachifuna, choncho mnzanga ndiye ankamasulira. Anatitsogolera okha, ndodo m'manja.

Tinadutsa m'munda wa mapira amene anauma asanabereke. Kupitirira apo mchenga unatha, kunayamba miyala yakuda yotsetsereka kulunjika ku phompho kumene mtsinje umayenda pansi osaoneka. Mitengo yonse inali mbuu, yopanda tsamba. Udzu unali utadyedwa mpaka mizu. Kunali zii, moti ndinkamva nsapato zanga za pulasitiki zikulira pa mwala uliwonse. Ndinayamba kuganiza kuti mnzanga wandiyendetsa ulendo wachabe.

Ndiye tinazungulira thanthwe lina, ndipo ndinaima.

Pakati pa miyala panali chitsamba chofika m'chiuno, chopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Tsinde lake linali lotupa, lotuwa, losalala ngati mimba ya mwana wokhuta, ndipo nthambi zake zinali zonenepa ngati zala. Kunsonga kwa nthambi iliyonse kunali maluwa, ochuluka moti ankapanikizana. Lililonse linali ngati nyenyezi, loyera pakati, ndipo m'mphepete mwake ngati munthu wapitamo ndi chala choviika m'madzi ofiira. Nditakweza maso ndinaona china kumunsi, china kuseri kwa mwala, china patali ndithu, chilichonse chili chokha. Dzuwa linali paliwombo, mpweya ukunjenjemera pamwamba pa miyala, ndipo maluwawo ankaoneka ngati sakukhudza nthambi, ngati angoyandama pamenepo. Ndinakhala pansi. Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Ndimakumbukira kuti kambalame kakang'ono kakuda kanabwera, kanalowetsa mlomo m'duwa limodzi, n'kupita, ndipo ndinamva ngati ndaona chinthu chimene sindinayenera kuona.

"Kali ngati kamlambe," ndinatero potsiriza.

Dzinalo linakhazikika pomwepo. Azakhali aja ananena dzina lake m'chinenero chawo, koma silinandilowe m'mutu, ndipo mpaka lero kwathu timangoti kamlambe.

Nditatulutsa mpeni wa bambo, mayiwo anagwira dzanja langa n'kuyankhula mwamphamvu.

"Bakamba kuti usazule," anamasulira mnzanga. "Dula chabe nthambi, imodzi pa mtengo umodzi. Na utomoni wake ni poizoni. Mbuzi siyidya. Kale anthu benze kuphela nsomba. Usagwile mu menso."

Ndinadula nthambi zisanu ndi imodzi. Utomoni wake unatuluka pang'onopang'ono, wamadzimadzi, n'kumata pa mpeni. Ndinazikulunga m'pepala la simenti, ndipo ndinasamba m'manja ndi mchenga popeza madzi panalibe.

Amayi atamva za poizoniyo anaika manja m'mutu. "Anthu akubweretsa chimanga pakhomo, iwe wabweretsa imfa! Pali mwana pano." Tinagwirizana kuti zitinizo zikhale pamwamba pa khola la nkhuku, pamene mwana sakanafika.

Ndinachita monga bambo anandiphunzitsira ndi marozi. Nthambi zinayi ndinazibzala tsiku lomwelo, m'dothi lakuda la manyowa ambiri, ndipo ndinkazithirira m'mawa ndi madzulo ndi madzi amene ndinkapatula pa osamba anga. Ziwiri zotsalazo zinasowa zitini, ndipo ndinangoziponya pa malata a kholalo kuti ndidzazione mawa. Mawalo silinafike. Mwana anadwala m'mimba, ine ndinayamba kukazinga zitumbuwa kuti tipeze podyera, ndipo ndinaziiwala.

Patatha masabata atatu nthambi zinayi zija zinayamba kugwada. Nditakhudza imodzi, chala chinalowa ngati mu nthochi yovunda. Ndinazizula zonse, zikununkha, n'kukazikwirira kutali ndi nkhuku. Pofuna kuchotsa zitinizo ndinakwera pa njerwa, ndipo ndinaona ziwiri zija zili gone pa malata otentha, pepala litauluka kalekale. Zinali zitakwinyika pang'ono, koma zolimba. Pamene ndinadula paja panali patauma n'kutsekeka ngati chilonda chopola, ndipo kunsonga kwa imodzi kunali kamphukira kobiriwira.

Ndinakafotokozera mnzanga m'mawa mwake. Anaseka mpaka mikanda yake inagwa pa tebulo.

"Unaona manyowa ku miyala kuja? Unaona munthu na keni yothilila? Faka mu mchenga, uleke kuvutitsa mtengo."

Ndinatapa mchenga wa pabwalo, kusakaniza ndi timiyala ndi makala ophwanyika, n'kuimikamo nthambi ziwirizo. Ndiye inayamba ntchito yovuta kuposa zonse zimene ndinagwirapo, yosathirira. Kuyambira ndili wamng'ono ndinkadziwa kuti kukonda duwa ndi kulipatsa madzi. Ndikadutsa pa kholapo ndi kapu m'manja, dzanja linkapita lokha. Amayi, amene poyamba sankafuna n'kuziona komwe, ndiwo anasanduka mlonda wake. Ankakhala pakhonde akusoka, maso ali pansalu, koma ndikangoyandikira ndinkamva, "Ndakuona. Bwera nayo kuno kapuyo."

Mvula itabwera kumapeto kwa chaka, nthambizo zinatulutsa masamba onyezimira, ndipo ndinazisunthira pansi pa tsindwi kuti zisamire. Ndinabwereranso ku Mukuni kawiri, ndi paketi ya shuga ya azakhali aja, kukadula zina. Tsopano ndinkaziyanika kaye sabata ziwiri pamthunzi ndisanabzale. Kuzizira kutayamba masamba onse anayoyoka, ndipo amayi anati zafa. Koma m'mawa wina mu Juni anandiitana ndi mawu otsika, ngati munthu woopa kudzutsa khanda. Pa chitini cha penti panali nyenyezi zitatu.

Ndinkayembekeza kuti anthu adzalimbirana. Sizinatero. Mvula inali itagwako bwino chaka chimenecho, ndipo anthu ankafunanso marozi awo. Mayi wina wa ku Highlands anatsika m'galimoto, anazungulira timilambe tanga kawiri, n'kufunsa kuti n'tochokera dziko liti. Nditamuuza kuti ndi ku Mukuni, nkhope inagwa.

"Oo, ni va musanga chabe," anatero, kutanthauza zakutchire, n'kugula rozi.

Alendo odzaona mathithi ankajambula zithunzi n'kumapita. Choncho timilambe tinangokhala kumapeto kwa mzere, tikuphukira odutsa.

Pakati pa odutsawo panali mkulu wina amene ndinayamba kumuzindikira chifukwa cha jekete. Kuzizire, kutenthe, ankavala jekete yakuda yositidwa bwino, ndi nsapato zong'ambika pambali koma zopolishidwa. Ankabwera chakumasana, kuima patsogolo pa chitini cha penti chija manja ali kumbuyo, n'kuchoka osanena kanthu. Tsiku lachinayi ndinamuyankhula.

"Ba mudala, mufuna kugula?"

Anatembenuza mutu kuti andipatse khutu lakumanzere, popeza linalo silinkamva. Nditabwereza, anandiyang'anitsitsa.

"Ndiwe mwana wa kuti iwe?"

"Wa konkuno. Koma bambo anga anali a ku Malawi."

"Ndiye yankhula bwino, mwanawe. Usandiyankhule Chinyanja cha m'tauni ngati kondakitala wa basi."

Ndinaseka, ndinawapatsa chitini chopanda kanthu kuti akhalire, ndipo kuyambira pamenepo ndinkawatcha agogo. Anandiuza kuti anachokera ku chigwa cha Shire, kotentha kuposa kuno, ndipo anagwira ntchito yochapa ndi kusita pa hotela ina mpaka manja anayamba kunjenjemera. Kwawo sanabwerereko chichokereni. Anandifunsa kumene ndinatenga maluwawo.

"Ku Mukuni, agogo."

"Ku Mukuni kuno?"

"Komweko. Kuseri kwa minda, ku miyala."

Anayang'ana msewu. Kenaka anavula chipewa n'kuchiika pa bondo.

"Mayi a kunyumba kwanga anali a mtundu wa Alozi," anatero. "Anatisiya chaka chatha, nthawi ya chilala ija. Pamene ndinkawafunsira, ndinkawauza za kwathu. Ndinkati kwathu kuli mtengo umene umachita maluwa ulibe masamba, dziko lonse litauma. Iwo ankaseka. Ankati amuna a ku Nyasalande mabodza ndiye chuma chanu. Ndinkati ndidzakutengani mukaone. Ana anabadwa, sukulu, matenda, ichi ndi ichi. Sitinapite. Ngakhale atakalamba, ndikanena chinthu chimene sakukhulupirira, ankati, eya, monga maluwa aja." Anapukuta pakamwa ndi mpango. "Ndiye ukundiuza kuti zaka zonsezi mtengowo unali pa Mukuni pompa. Tikanapita wapansi."

Mnzanga, amene ankamvetsera ali pa tebulo lake, anayamba kukonza mikanda imene inali yokonzeka kale.

Agogowo anati akufuna kamodzi kuti akabzale pa manda. Anali atayesa maluwa ena, koma onse anauma, ngakhale ankapita Lamulungu lililonse ndi botolo la madzi. Ndinawapatsa ka m'chitini cha penti kaja. Atachinyamula ndinaona kuti manja awo sangafike nacho ngakhale pa ngodya, ndipo ndinati ndidzawaperekeza Loweruka.

Amayi atamva anati mwana wamkazi sapita yekha pa manda a eni. Anavala chitenje chawo cha kumpingo, tinasiya mwana kwa aneba, ndipo tinanyamuka atatu, ine kutsogolo ndi wilibala. Kunali kamphepo kozizira ndi dzuwa lofewa la mu Julaye. Kumbuyo kwanga akuluakulu awiriwo anayamba ndi moni wautali, kenaka kufunsana za kwawo. Amayi anabadwira mu Livingstone momwemo, ndipo ku Malawi anapitako kamodzi kokha ali mtsikana, koma tsiku limenelo ankatchula mitsinje ndi mapiri ngati anachokako dzulo. Chichewa chawo chinasintha, chinazama, chinayamba kuyenda pang'onopang'ono. Ndinkamva mawu amene ndinawamva komaliza bambo ali moyo. Gudumu la wilibala linkalira, maluwa akugwedezeka patsogolo panga, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala tauni imene tinalimo. Ndinkaona ngati tikakhota pa mtengo uwo tikapeza mtsinje wina, ndi anthu amene sindinawaonepo akutidikira pa doko.

Manda a akazi awo a agogo anali a mchenga wofiira, ndi mtanda wachitsulo umene agogo ankaupukuta ndi mpango womwe uja. Amayi anapemphera. Ine ndinakumba chakumutu, ndinayala timiyala pansi, ndinang'amba chitini ndi mpeni kuti mizu isasokonezeke, n'kuimika kamlambe. Kanali ndi maluwa asanu ndi awiri tsiku limenelo. Agogo anagwada movutikira, bondo limodzi kenaka linalo, n'kuyandikiza nkhope pa mtanda.

"Mayi," anatero, "si awa maluwa aja? Onani bwino. Tsamba lilipo apa?"

Anadikira pang'ono, khutu lakumanzere atalozetsa pansi. Kenaka anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka kutsokomola. Amayi anatembenukira kumbali n'kukoka chitenje kumaso.

Pobwerera ndinawalangiza. "Agogo, musathirire. Mvula ikadzabwera idzakwanira. Mukathirira kadzavunda."

"Ndamva, mwanawe."

Sanamve. Patatha mwezi ndi theka anabwera kumsewu nkhope ili yakugwa, nati kamlambe kakudwala. Ndinasiyira mnzanga zitini n'kupita nawo. Mchenga wa patsinde unali wonyowa, ndipo nthambi imodzi inali itayamba kufewa. M'thumba la jekete munkaonekera mutu wa botolo.

"Agogo, ndinati chiyani?"

Anayang'ana nsapato zawo ngati mwana wa sukulu. "Pang'ono pokha. Kungonyowetsa kukhosi."

"Mukapitiriza kafa."

"Nanga ndizibwera chimanjamanja? Zaka zonse sindinalowepo m'nyumba mwawo wopanda kanthu m'manja. Ngakhale kabanzi."

Ukali wanga unathera pomwepo, chifukwa matenda awowo ndinkawadziwa. Ndinadula nthambi yofewayo mpaka pabwino, ndinapaka phulusa la pamoto umene okumba manda anasiya, n'kufukula mchenga wonyowawo kuikapo wouma. Pamene ndinkachita zimenezi ndinaona kuti manda oyandikana nawo, a mwana wina amene sitinkamudziwa, anali ndi kachitsamba ka maluwa achikasu kofota, kooneka kuti eni ake anasiya kubwera.

"Madziwo muzithira apo," ndinatero. "Mayi aziona kuti mwabwera ndi kanthu."

Anaganiza kaye. "Ankakonda ana," anatero, natsegula botolo.

Kamlambe kanachira. Chaka chotsatira kanaphuka kwambiri moti anthu obwera ku maliro ena ankapatuka kudzaona, ndipo agogo, amene Lamulungu lililonse ankakhala pamenepo pa njerwa, ankawalozera kwa ine. Poyamba sindinakondwe kuti maluwa anga atchuke ngati a kumanda. Koma mvula itavutanso mu 1995, ndi kapinga wa m'mayadi atapsa, anayamba kubwera ena ofuna kubzala pakhomo, pa geti, m'miphika ya pakhonde. Aliyense ndinkamuuza zinthu ziwiri, kuti asunge ana ndi utomoni wake, ndi kuti abise keni. Ambiri ankamvera choyambacho.

Agogo anatengedwa ndi mwana wawo wamkazi kupita ku Kafue chaka chomwecho, miyendo itakaniratu. Anadzanditsanzika ali pa mpando wakutsogolo wa galimoto ya mkamwini wawo, ndipo anandigwira dzanja nthawi yaitali. Anangoti ndizikawaonera mayi. Ndinkapitako pakapita miyezi ingapo, mpaka pamene mwamuna wanga anabwerera ndipo tinasamukira ku Dambwa. Za agogowo sindinamvenso.

Chakumapeto kwa chilimwe chimenecho, kamlambe kamodzi mwa tiwiri toyamba tija, kamene ndinkakana kugulitsa, kanachita chinthu chatsopano. Maluwa atayoyoka, panatuluka tinyanga tiwiri tobiriwira, tolumikizana patsinde ngati nyanga za mbuzi. Tinakula mpaka kutalika ngati chikhatho, kenaka tinayamba kutuwa. Sindinkadziwa kuti n'chiyani, ndipo ndinkapita nako kumsewu tsiku lililonse kuti ndizikayang'anira. Mwana wanga, amene tsopano anali wamkulu ndithu woti n'kumva kuti ichi sagwira, ankabwera nane masiku ena.

Linali tsiku lotentha la mu Okutobala, masana, tauni yonse ikuwodzera. Ine ndinali nditatsamira mango, maso ali pakati pa kutseka ndi kutsegula. Ndinamva mwana akuti, "Amama, mtengo wanu utulutsa nkhuku." Nditayang'ana, nyanga imodzi inali itang'ambika kutalika kwake konse, ndipo m'katimo munkatuluka tinthu toyera ngati nthenga. Kalikonse kanali kambewu kakatali ngati kachitsotso ka machesi, kokhala ndi ubweya uku ndi uku. Tinkatuluka kamodzikamodzi, kudzitambasula padzuwa, kuima kaye pamlomo pa nyangayo. Ndiye kunabwera kamphepo kotentha kochokera kumunsi kwa msewu, ndipo timbewu tonse tinanyamuka.

Timbewuto tinakwera pamwamba pa matebulo, tinadutsa pa nsalu zopachikidwa pakhomo pa sitolo, n'kuyamba kuwoloka msewu mosafulumira, tikuzungulira, dzuwa likutiwalitsa. Kwa kanthawi palibe anasuntha. Kenaka mnzanga anakuwa, "Ni mbeu izo, iwe! Gwila!" ndipo tinadzambatuka tonse atatu. Ndinkathamanga ndi chitenje chotambasula ngati ndikugwira ngumbi. Mwana ankalumpha n'kumawomba m'manja m'mwamba. Woyendetsa takisi wina anaima pakati pa msewu, anatulutsa dzanja pawindo, n'kugwira kamodzi. Mayi wogulitsa nthochi anatola tiwiri m'dengu lake. Bambo wina wa tayi, wotuluka m'banki, anawoloka msewu n'kundipatsa kamene kanamata pa phewa lake, atakagwira ndi zala ziwiri mosamala ngati kamoyo. Tambiri tinapita. Ndinatiyang'ana tikukwera pamwamba pa madenga, kulunjika ku njanji, mpaka maso anayamba kuwawa.

Zimene tinapulumutsa ndinazimanga pa ngodya ya chitenje. Nyanga yachiwiri ndinaikulunga ndi ulusi madzulo omwewo kuti ikadzang'ambika isataye kanthu. Ndinachotsa ubweya, ndinagoneka mbewuzo pa mchenga m'beseni lakale lobooka, n'kuwaza mchenga wina pamwamba. Apa pokha amayi anandilola kuwaza timadzi, ndi zala, iwo ataimirira pambali.

Patatha sabata imodzi mwana anabwera akuthamanga kuchokera kuseri. M'beseni monse munali titamera tinthu tobiriwira, tonenepa, kalikonse ndi timasamba tiwiri pamutu ndi kamimba kake kotupa kale. Tinagwada atatu mozungulira beseni, amayi, ine ndi mwana, mitu itagundana. Amayi anatambasula chala kuti akhudze kamodzi, kenaka anachibweza, napita kukafuna kasefa kakale koti tivindikire nkhuku zisafike.